Liwu lakuti "airy" silinena za mpweya wokha

A Mkonzi,

Ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za liwu limodzi limene ana athu amalidziwa mbali imodzi yokha. Liwulo ndi "airy", lochokera ku "air", kutanthauza mpweya, limene Angerezi analitenga ku Chifalansa chakale, koma mizu yake ili m'Chilatini ndi m'Chigiriki.

Tanthauzo loyamba silivuta munthu amene anawerengapo zotsatsa nyumba za lendi ku Namiwawa kapena ku Area 47. Mwininyumba akalemba kuti chipinda chake ndi "airy", akunena kuti chili ndi mazenera aakulu ndi denga lokwera, moti mphepo imadutsamo bwino, ndipo aliyense amene anagonapo pansi pa malata mu Okutobala akudziwa kuti kumeneku ndi kuyamikira kwenikweni. Angerezi amayamikiranso ndi liwu lomweli keke yofufuma bwino, yokhala ndi timabowo tambiri mkati, kapena nsalu yopyapyala imene mphepo ikangowomba pang'ono imauluzika.

Vuto limayamba liwuli likachoka pa chinthu n'kufika pa munthu. Chaka china ndinapatsa ana a Fomu 4 ndime yonena za bwana amene antchito atam'dandaulira za malipiro, anangowayankha ndi "airy wave of the hand". Ambiri analemba kuti bwanayo ankadzikupiza chifukwa cha kutentha, pamene wolembayo ankatanthauza kuti anangowagwedezera dzanja mosalabadira, ngati kuti dandaulo lawo linali mankhusu. Chimodzimodzi "airy promises" si malonjezo abwino ayi, koma malonjezo opanda pogwira, onga amene timamva pa misonkhano chisankho chikayandikira. Pamene Mngerezi wanena kuti maganizo ako ndi "airy-fairy", usamwetulire, chifukwa wakuuza kuti ukulota masana.

Chondidandaulitsa n'chakuti Chichewa chathu chili kale ndi khomo lolowera m'tanthauzo limeneli, koma aphunzitsife sitilitsegula. Katundu akapepuka pamutu timathokoza, koma tikati mawu a uje ndi opepuka, kapena kuti wandipeputsa, palibenso kuthokoza. Mwana amene wamva kusiyana kumeneku m'chinenero cha amayi ake sangasokere pa "airy", bola mphunzitsi amupatse liwulo m'ziganizo zathunthu, osangolemba pa bolodi tanthauzo limodzi la m'dikishonale n'kufufuta belu likalira.

Ndipemphenso anzanga kuti asamale katchulidwe ndi kalembedwe. Mnyamata wina wanzeru ndithu anafuna kutamanda kalasi yathu yatsopano m'chimangirizo chake, koma anawonjezera "h" kutsogolo n'kulemba "hairy". Ndinachita kumuitana pambali n'kumufotokozera kuti watiuza kuti timaphunzirira m'chipinda chaubweya.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba