Utsi wa ku doko la Beira ndi wathunso

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Mufakose kuno ku Harare. Ine ndine dalaivala wa thiraki, agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Rhodesia kudzafuna ntchito ndiye ife tinabadwira konkuno koma Chichewa sitinataye ayi, nyuzi yanu timawerenga pa foni. Chandilembetsa kalatayi ndi mtsutso umene unabuka Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Mnyamata wina wophunzira bwino amanena kuti nthawi ya korona ija dziko linapumako, mpweya unayera paliponse ngakhale m'mizinda ya madoko poti sitima za pamadzi zinaima, ndipo anthu ambiri amangogwedeza mitu kuvomereza. Ine mtima unakana, chifukwa nthawi imeneyo ndinali pa msewu wa Beira sabata ndi sabata ndipo zimene ndinaona ndi maso angawa ndi zina.

Za kuno ku Harare sindikutsutsa. Lokidauni itayamba pa 30 Malichi 2020 makombi (maminibasi) analetsedwa, kunatsala mabasi a boma a ZUPCO okha, msewu wa Simon Mazorodze umene umakhala utsi okhaokha m'mawa unali zii, munthu umapuma mpweya mpaka kumva kuti walowadi m'chifuwa. Zithunzi za setilaiti zinaonetsanso kuti mpweya woipa wochokera ku magalimoto ndi mafakitale unatsika ku Wuhan ndi kumpoto kwa Italy. Zimenezo ndi zoona ndithu.

Koma katundu sanamutsekere m'nyumba. Zimene zinaimadi ndi sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okaona malo zija, makamaka pambuyo pa ija ya Diamond Princess imene inatsekeredwa pa doko la Yokohama ku Japan mu Febuluwale 2020 anthu oposa 700 n'kudwala. Sitima za feteleza, tirigu, mpunga, mankhwala ndi mafuta zinachepako pang'ono miyezi yoyambirira kenako zinabwerera, nanga anthu akanadya chiyani? Mafuta amene timathira kuno amatsikira pa Beira n'kuyenda mu paipi kudzera ku Feruka ku Mutare mpaka ku Msasa kuno ku Harare, ndipo feteleza wambiri amene abale athu amathira m'minda ku Dedza ndi ku Ntcheu amadzeranso pa doko lomwelo kapena la Nacala. Ife madalaivala anatipatsa makalata oti tiziyenda, ndiye tinkayenda.

Chimene chinachuluka ndi kudikira. Pa boda ya Forbes, pakati pa Zimbabwe ndi Mozambique, amafuna pepala la kuyezedwa korona, pepalalo limatha mphamvu iwe ukadali pa laini, ukayezetsenso, ukabwera wina mu ofesi wapezeka ndi matenda ndiye atseka kuti apopere mankhwala, tsiku lapita. Ku doko nakonso ogwira ntchito anawachepetsa kuti asathithikane, ndiye kontena imene timanyamula tsiku limodzi imatitengera masiku atatu kapena anayi, ndipo kunyanja uko sitima nazo zili pa laini yake. Tsono apa ndi pamene anthu ambiri sadziwa: sitima ikaima sizimitsa moto. Injini yaikulu imapuma inde, koma majenereta amalirabe usana ndi usiku chifukwa pamafunika magetsi a mapampu, a mafiriji a makontena a nsomba ndi nyama, komanso anthu amene amagona momwemo. Ifenso a mathiraki chimodzimodzi, ndi kutentha kwa ku Beira kuja ndi udzudzu wake sungagone mawindo otsegula, ndiye munthu amasiya injini ikulira kuti mpweya wozizira uzigwira, komanso laini ikasuntha mamita khumi usachedwe kulizanso ena n'kukulowerera. Mathiraki ndandanda, onse akufuka, palibe amene akupita kulikonse.

Pali mayi wina ku Munhava, kufupi ndi doko, amene ndimadyako nsima ya nsomba zokazinga kwa zaka zambiri. Timamvana bwinobwino poti Chisena ndi Chichewa sizitalikirana. Iwo amavundikira mbale ndi kansalu koyera, ndiye tsiku lina mu 2020 momwemo anandionetsa kansaluko madzulo, kanali kataderatu ngati apukutira mphika wa pa mafuwa, anati anachapa m'mawa womwewo. Mdzukulu wawo anali atagona pa mphasa pambali pa mbaula, kupuma kwake kumamveka ngati kakherere, maso ofiira. Ndinafunsa ngati ndi korona, anati ku chipatala anamuyeza alibe, ndi chifuwa chake cha masiku onse koma chanyanya chiyambire mathiraki kugona pakhomo pawo. Ine sindine dokotala a Mkonzi, koma thiraki yanga inali pomwepo ikulira ndipo ndinadzuka kukazimitsa nsima ndisanamalize. Usiku umenewo ndinagona mawindo otsegula, ndipo pa galasi lakutsogolo m'mawa ndinalemba dzina langa ndi chala pa mwaye.

Musaganize kuti ndi za ku Africa kuno kokha. Anthu a ku America atatsekeredwa m'nyumba anayamba kugula katundu pa intaneti mosaona nkhope, madoko analephera kutsitsa, moti mu Januwale 2022 sitima zoposa 100 zinali pa laini kudikira kulowa ku Los Angeles ndi Long Beach. Ku Shanghai atatseka mzinda kwa miyezi iwiri mu 2022 kunalinso chimodzimodzi, madalaivala osowa, makontena kuunjikana. Mtengo wotumizira kontena imodzi umene unali pansi pa madola 2,000 unadutsa 10,000 mu 2021, ndipo tonse tinaumva mu shopu ngakhale amene sanaonepo nyanja. Komanso mundilole nditchule anthu ogwira ntchito mu sitimamo, pafupifupi 400,000 anakanirira panyanja mu 2020 makontirakiti atatha, osaloledwa kutsika. Ndinkawaona ataima m'mwamba akuyang'ana kumtunda ndipo zimandikhudza chifukwa nanenso kwathu anthu ankandithawa kuti madalaivala ndi amene tikubweretsa matenda.

Ndiye ngati penapake pa madoko mpweya unakhalako bwino mu 2020, tisathamangire kuyamika lokidauni yokha. Chaka chomwecho pa 1 Januwale, korona asanatipeze, bungwe loona za sitima pa dziko lonse la IMO linatsitsa salufa (chinthu chimene chimaipitsa utsi) wololedwa mu mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5. Limenelo ndi lamulo limene anthu anakhala pansi n'kugwirizana, silinafune kutsekera munthu m'nyumba kapena kutseka msika wathu wa Mbare Musika kuno ku Harare. Komabe taonani, dizilo 50 amene timathira m'mathiraki ali ndi salufa wochepa ka 100 poyerekeza ndi mafuta a sitimawo, ndiye ntchito ikadalipo. A WHO amati mpweya woipa umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni pa chaka, ndipo ameneyo alibe katemera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife a Malawi ndi Zimbabwe timaona ngati nkhaniyi siyathu poti tilibe nyanja ya mchere. Koma sitima imene ikufuka pa Beira yanyamula feteleza wathu, thiraki imene yagona pakhomo pa mayi aja ili ndi nambala ya Harare kapena ya Blantyre. Ndalama ya katunduyo tikudya ife, utsi akupuma ana a eni ake. Maboma athu akamakumana ndi a Mozambique asamangokamba za mitengo ya pa doko. Akambenso zoti mapepala azitha thiraki isananyamuke kuti tisamagone pa geti, malo oimikapo mathiraki akhale kutali ndi nyumba za anthu ndipo akhale ndi mthunzi ndi madzi kuti munthu athe kuzimitsa injini, komanso sitima ikakocheza izilumikizidwa ku magetsi a kumtunda ngati mmene amachitira ku California. Ndipo katundu wolemera ngati feteleza abwerere pa njanji, ya Machipanda ilipo, ya Nacala ilipo. Ndikudziwa kuti anzanga ena andikwiyira chifukwa njanji ikayenda bwino maulendo athu achepa, inenso ndili ndi ana a sukulu, koma kansalu kaja sindikuiwala.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mutumize mtolankhani wanu akwere thiraki imodzi yochokera ku Blantyre kudzera pa Mwanza mpaka ku Beira, agone pa laini ngakhale usiku umodzi wokha, acheze ndi amayi ogulitsa nsima ku Munhava n'kulemba zimene amve. Ine ndikunyamukanso Lachinayi kukatenga mpunga, ngati angabwere andipeza pa geti.

Ndine wanu,
Dalaivala wa thiraki,
Mufakose, Harare