Lipoti la ulendo wa ku Kuala Lumpur: Chimalay ndi Chingerezi m'kalasi

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Ndabwerako bwino kumsonkhano komwe munandituma ku Kuala Lumpur, likulu la dziko la Malaysia. Malisiti a kogona ndi a mayendedwe ali kale ndi msungichuma, ndipo amene akhala akunong'ona za alawansi akawaone kumeneko.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi nkhani za kalembedwe ka mawu. Zomwe ndabwera nazo ndi za tsiku lachiwiri.

Boma la Mahathir Mohamad, yemwe anali nduna yaikulu ya Malaysia, linalamula kuti kuyambira 2003 masamu ndi sayansi ziziphunzitsidwa m'Chingerezi. Ana a m'tauni anapitirira, koma akumudzi ankangoyang'ana bolodi, ndipo aphunzitsi ambiri Chingerezicho chinkawavutanso. Mu Marichi 2009 anthu anachita zionetsero mu Kuala Lumpur mpaka apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi. Chaka chomwecho boma linalengeza kuti kuyambira 2012 maphunziro awiriwa abwerera ku Chimalay. Chingerezi sanachitaye ayi. Kuyambira 2016, sukulu yomwe ili ndi aphunzitsi odziwa bwino Chingerezi, makolo akavomera, imaloledwa kuphunzitsa masamu ndi sayansi m'chiyankhulocho.

Ndikumva zimenezi, mtima unali pa ana athu a Sitandade 1. Lamulo lathu la maphunziro la 2013 likuti kuphunzitsa m'Chingerezi kuyambire pomwepo, chonsecho tonsefe timadziwa kuti tikatseka chitseko timafotokoza m'Chichewa. Anzathu a ku Malaysia anayesa zaka zingapo, anaona, n'kubwerera.

Ndikudziwa kuti ena mundiuza kuti kwathu kuno kulinso Chitumbuka, Chiyao, Chisena ndi zina. Nawonso aja Chimalay ndicho chiyankhulo cha fuko, malinga ndi ndime 152 ya malamulo oyendetsera dziko lawo, komabe boma limayendetsa sukulu za pulaimale zophunzitsa m'Chitchaina ndi m'Chitamil. Zimenezi sindikunena kuti titengere, chifukwa ana amakula mosiyana kuyambira ali aang'ono, ndipo iwo eni amakanganabe pa nkhaniyi.

Chomwe ndinasirira ndi Dewan Bahasa dan Pustaka, bungwe lomwe kuyambira 1956 limakonza mawu atsopano a sayansi ndi kusindikiza mabuku m'Chimalay. Apa ndiye ndifunse: kalata yomwe gulu lathu la aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono linalembera komiti chaka chatha, yopempha kuti tizikumana n'kumagwirizana mawu a masamu m'Chichewa, ili kuti? Anatiyankha kuti palibe ndalama ya thiransipoti, koma ya misonkhano ina imapezeka. Ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pamkumano wa mwezi wamawa, ndipo mayankho alembedwe m'maminitsi.