Nyanja ya Chilwa tiyitetezere kumunda wakumtunda

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani ya Nyanja ya Chilwa. Nthawi zonse madzi akaphwa, chala chimaloza alimi a madimba, ndipo yankho limakhala lomwelija lakuti achoke m'mbali mwa mitsinje. Koma munthu amene chimanga cha kumunda wake wakumtunda chimatha mu Ogasiti sangasiye dimba chifukwa cha chikwangwani. Mukamuchotsa lero, mawa mumupeza cha kumunsi akuswa mphanje ina. Ngati tikufuna kuti mitsinje ipume, munda wakumtunda uyambe kaye kudyetsa banja.

Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse chimene mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani yanyamula, kaya ndi dothi kaya mankhwala, chimathera mommo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali khale pouma. Mvula ikachepa nyanja imaphwa, zimenezo n'zoona, koma dothi lokokoloka limakwirira mathiriro a mitsinje ndi maiwe momwe matemba, makumba ndi milamba zimabisala podikira kuti madzi abwerere. Dothi lomwelo ndi limene limatseka ngalande za masikimu a mpunga a Domasi ndi Likangala. Choncho mlimi wa m'phiri, mlimi wa mpunga ndi msodzi wa pa chilumba cha Chisi vuto lawo ndi limodzi.

Ntchito yoyamba ndi kugwira madzi pamunda, feteleza abwere pambuyo. Mangani chimango chonga chilembo A: mitengo iwiri ya mamita awiri, wina wopingasa pakati, ndi chingwe chomangirira mwala cholendewera kuchokera pamwamba. Chiimikeni pansi, lembani pomwe chingwe chakhudza mtengo wopingasa, kenako sinthanitsani miyendo pamalo omwewo n'kulembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pa levulo. Anthu ambiri amalumpha sitepe imeneyi, mzere wonse n'kupendekera mbali imodzi, madzi n'kusonkhana pamalo amodzi mpaka kung'amba chigwembe chimene kale panalibe. Yambirani kumtunda kwa munda, muzikhoma zikhomo, ndipo akalozera, mizere ikuluikulu yotsata zikhomozo, atalikirane mamita 5 pamalo otsetsereka kwambiri, mamita 10 mpaka 15 pamalo otsetsereka pang'ono. Mizere ina yonse itsate akalozerawo, ndipo m'makwawa mupange ngonyeka, timizere topingasa totchinga madzi, pa mamita awiri kapena atatu alionse.

Pa kalozera aliyense bzalani udzu wa vetiva mvula ikakhazikika. Dulani masamba atsale masentimita 20, ikani timaphata tiwiri kapena titatu pa phando, mapando atalikirane masentimita 10 mpaka 15. Kufuna kuti mbewu yochepa ikwanire munda wonse n'kumene kumawononga ntchitoyi. Mpata uliwonse umasanduka khomo la madzi, ndipo amatulukirapo ndi mphamvu kuposa kale. Kuli bwino kumaliza akalozera awiri othithikana chaka chino, n'kudzagawa maphata ake chaka chamawa.

Madzi akagwidwa, tibwezere chonde. Ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka, pafupi ndi Thondwe pomwepa, akatswiri akhala akulima chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo njira yake ndi yodziwika. Pa mizere yotalikirana masentimita 75, bzalani mitengoyi m'khwawa limodzi n'kulumpha lina, mtengo ndi mtengo masentimita 90. Chaka choyamba isiyeni ikule. Kuyambira chaka chachiwiri iduleni pa msinkhu wa masentimita 30 pokonza munda, pululani masamba ndi tinthambi tanthete n'kukwirira m'mizere, ndipo muduleninso kamodzi kapena kawiri chimanga chili m'munda. Mukachedwa kudula, mthunzi umafooketsa chimanga, mlimi n'kuyamba kunena kuti mitengoyi ndi yachabe. Kusintha kwa zokolola kumaoneka chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo alangizi azinena zimenezi poyera kuti anthu asataye mtima. Masambawa amapereka nayitrojeni wambiri koma fosiforasi wochepa, ndiye feteleza wokulitsa pang'ono kapena manyowa a khola akufunikabe. Timitengo totsala ndi nkhuni, ndipo mtolo uliwonse wotuluka m'munda ndi mtengo umodzi wosiyidwa m'phiri la Zomba kapena la Chikala.

Msangu ndi wa anthu oleza mtima. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene chimanga chikufuna dzuwa, n'kuphukira m'chilimwe. Bzalani pa mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala. Njere yake ndi yolimba, choncho ithenuleni pang'ono kumbali yosiyana ndi kamaso musanafese. Mbande isakhalitse m'chubu, chifukwa muzu wake waukulu ukapindika mtengo umapinimbira. Mbuzi nazo zimaukonda, mpanda wa minga ndi wofunika. Kumene zitsa za mitengo yachilengedwe zikuphukira zokha, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani. Njira imeneyi sifuna nazale ngakhale kuthirira. Amene akufuna phindu la chaka chomwecho abzale nandolo pakati pa chimanga kapena mtedza, ndipo mapesi asawotchedwe. Moto wosakira mbewa umapsereza chakudya cha nyongolotsi ndi chiswe, ndipo chiswe chikasowa zinyalala zouma chimatembenukira ku chimanga chomwe.

Tsopano za dimba lenilenilo. Sitikunena kuti lithe, koma khasu lisafike pagombe. Siyani mamita osachepera 10 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje waung'ono, ndi ochulukirapo pa mtsinje waukulu. Malowo sakuyenera kukhala ogonera. Kufupi ndi madzi kukhale bango ndi nsenjere, zomwe n'chakudya cha ziweto komanso zomangira. Pambuyo pake nsungwi, mikuyu, katope ndi mbawa, ndipo ming'oma ya njuchi ipachikidwe mmenemo. Bulugamu asabzalidwe pa kasupe kapena m'dambo, amamwa madzi ochuluka. Anthu a ku Phalombe anadzionera okha nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mmene madzi amadyera gombe lopanda mizu.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala. Cypermethrin amene amapoperedwa pa tomato, pa masamba ndi pa chimanga cholowedwa mbozi ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi njuchi, ngakhale atakhala wochepa. Komabe si zachilendo kuona munthu akutsukira sipuleya mumtsinje, pamtunda pomwe amayi akutunga madzi. Yenderani mbewu kaye n'kuona ngati tizilombo tachulukadi musanapopere. Yezani mlingo wolembedwa pabotolo, osati kungothira ndi maso, chifukwa mlingo wolakwika ndi kubwereza mankhwala amodzimodzi n'zimene zimachititsa tizilombo kusiya kumva mankhwala. Poperani madzulo njuchi zitabwerera, kopanda mphepo, ndipo musapopere maungu, nkhaka kapena mpendadzuwa zili pa maluwa, popeza zipatso zake zimadalira njuchi zomwezo. Botolo lotha litsukeni katatu, madziwo muwathire mu sipuleya, kenako liboolereni kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta. Ngakhale mthuthu, chitsamba chimene ambiri amapopera nacho poti n'chachilengedwe, umapha nsomba ukalowa m'madzi.

Pempho lathu kwa Unduna wa Zamalimidwe ndi makhonsolo a Zomba, Machinga ndi Phalombe ndi lakuti ntchitoyi ichitike potsata khwawa lonse kuyambira pamwamba pa phiri, osati munda umodzi apa wina uko, chifukwa akalozera a mlimi wakumunsi sangapirire madzi ochokera m'minda isanu yosasamalidwa. Pa ndalama za feteleza wotsika mtengo papatulidwe kagawo kogulira mbewu ya vetiva, gliricidia ndi nandolo, ndipo zifike kwa alimi mu Okutobala mvula isanagwe. Mafumu nawo, amene amagawa malo a madimba, agwirizane ndi anthu awo za malire a gombe ndipo akhome zikhomo nyengo ya madimba isanayambe.

Alangizi a zaulimi ndi zachilengedwe,
Zomba