Amadandaula za mutu ndi kusowa tulo, koma palibe wowafunsa za nkhondo

Akonzi,

Nkhani za anthu a ku Latin America olowa m'dziko la America zikatuluka m'nyuzipepala zathu, zimangothera pa mpanda wa m'malire ndi pa ndege zowabweza kwawo. Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndimagwira ntchito pa kiliniki ina ku Maryland, m'dziko la America, kumene odwala ambiri ndi ochokera ku El Salvador ndi ku Guatemala. Ndiloleni ndiwauzeko owerenga zimene ndimaona anthuwa akakhala pa mpando wa odwala.

Achikulire ambiri amene ndimawayeza BP anathawa nkhondo. Ku El Salvador nkhondo yapachiweniweni inatha mu 1992 itapha anthu pafupifupi 75,000. Mu Disembala 1981 asilikali a boma a gulu la Atlacatl, ophunzitsidwa ndi alangizi a ku America, anapha anthu pafupifupi 1,000 ku El Mozote ndi midzi yozungulira, ndipo oposa theka anali ana. Ku Guatemala nkhondo inayamba mu 1960 n'kutha mu 1996. Anthu pafupifupi 200,000 anaphedwa kapena kusowa, ambiri a iwo a mtundu wa Maya. Anthu a m'mayiko awiriwa amene anapulumuka n'kufika ku America m'zaka za m'ma 1980 anapempha kuti alandiridwe ngati othawa nkhondo, koma amene analoledwa sanakwane atatu pa 100 alionse. Dziko limene anathawirako linkathandiza asilikali omwewo amene iwo ankawathawa. Munthu ukafotokoza mmene anaphera abale ako, wa mu ofesi n'kukubweza ngati wanama, kodi ungadzaifotokozenso nkhaniyo?

Pali mayi ena achikulire a ku Guatemala amene amabwera kwa ife kawirikawiri. Dandaulo lawo silisintha: mutu, m'mimba mukuotcha, tulo sakuliona. Tinayeza magazi, tinayeza shuga, zonse zili bwino. Akalowa m'chipinda amakoka mpando kuti ayang'ane kukhomo, ndipo chikwama sachichotsa pamiyendo. Mwana wawo wamkazi ndi amene anandinong'oneza panja kuti pa 4 Julaye, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la America, anthu akamaphulitsa makombola a chisangalalo, amayi ake amadzitsekera m'bafa mpaka kuche. Chilankhulo chawo ndi Mam, Chisipanishi amangochimva pang'ono, koma womasulira amene timamupeza msanga pa foni ndi wa Chisipanishi. Tsiku lina amene anawamasulira anali mdzukulu wawo wa ku pulayimale. Ndi gogo uti amene angafotokoze zimene asilikali anachita kwa akazi a m'mudzi mwake kudzera pakamwa pa mdzukulu?

Zimenezi si za mayi amodzi okha. Mu 2003 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa Dr David Eisenman ndi anzake, amene anacheza ndi odwala oposa 600 ochokera ku Latin America m'makiliniki a ku Los Angeles. Mwa odwalawo, 54 pa 100 alionse anakumanapo ndi nkhanza za ndale kwawo. Mwa amenewa, 36 pa 100 anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa anzawo amene sanaone nkhanzazo anali 20 pa 100. Chimene chimandiwawa ndi ichi: mwa amene anaona nkhanzazo, atatu okha pa 100 alionse ndi amene anauzapo dokotala za zimenezo, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene ananena kuti dokotala amene amamuona anamufunsapo.

Ena amati anthuwa safuna thandizo la maganizo. N'zoona kuti bambo wogwira ntchito ya zomangamanga ukamutchulira dokotala wa maganizo amakuyankha kuti iye si wamisala, monga mmene angayankhire malume anga ku Ntcheu. Ambiri alibe inshuwalansi, ena alibe mapepala ndipo amaopa kuti zimene zalembedwa m'kompyuta ya kuchipatala zikafika kwa apolisi oona za olowa m'dziko. Mtima ukalemera amapita kwa abusa kapena kwa ansembe. Koma ine sindivomera kuti vuto lonse tiwasenzetse iwo. Fomu imene timadzaza imafunsa za fodya, za mowa, za matenda a makolo. Za nkhondo mulibe. Nthawi ya wodwala mmodzi ndi yochepa, pamzere pali anthu, ndiye timalemba mankhwala a mutu, munthu n'kumapita, mwezi wamawa n'kubweranso ndi mutu womwewo. Ndikafunsa mwaulemu, mwana atatuluka, kuti, "Mayi, kodi nthawi ya nkhondo munali kuti?" si onse amene amayankha. Ena amangoyang'ana pansi. Koma ena amayamba kulankhula, ndipo pamenepo m'pamene timatha kuwatumiza kwa mlangizi wodziwa za anthu ozunzidwa.

Ndalemba kalatayi ku nyuzipepala ya kwathu chifukwa ndinakula ndikuona anthu a ku Mozambique atamanga zisakasa kwathu m'malire, nthawi imene Malawi anasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ena anakwatira n'kukhazikika ku Malawi, panopa ndi agogo. Ku Dzaleka nako kuli anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene anaona zoopsa. Chonde, Akonzi, tumizani mtolankhani wanu ku zipatala za ku Dowa, Dedza ndi Nsanje akafunse anamwino ngati anaphunzitsidwa kufunsa odwala funso la za nkhondoli, komanso kumene amamutumiza munthu akayankha.

Namwino wa ku Ntcheu,
Maryland, America