Moto wa tchire pa laputopu

Ulongwe, Angónia

Bwanawe,

Moni kumeneko ku Johannesburg. Kuno tili bwino. Mayi ako ndinawapeza pamsika akugulitsa mbatata ya kachewere, akuti uziimbako foni.

Unafunsa chimene chikundigoneka mochedwa masiku ano. Ndi kapulogalamu kamene ndikulemba mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ka mtundu wotchedwa cellular automaton. Pamakhala bwalo logawidwa timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamangoyang'ana anansi ake n'kusintha motsatira lamulo. Timabokosi tonse timasintha nthawi imodzi, choncho pamafunika mabwalo awiri: umawerenga lakale, n'kulemba zotsatira pa latsopano.

Ndinayambira pa Game of Life ya John Conway, katswiri wa masamu wa ku England, imene inatchuka mu 1970 Martin Gardner ataifotokoza m'magazini ya Scientific American. M'masewerawa kabokosi kamakhala kamoyo kapena kakufa, ndipo kamoyo kamapulumuka ngati anansi amoyo ali 2 kapena 3 mwa 8 okazungulira. Kakufa kamadzuka akakhala 3 ndendende. Basi, malamulo ndi omwewo. Komatu pali kagulu ka timabokosi 5 kotchedwa R-pentomino kamene kamavundula bwalo maulendo 1103 kasanakhazikike.

Zimenezo n'zokoma kuonera, koma chimene chandigwira mtima ndi moto. Ukudziwa mmene kumakhalira kuno Seputembala akafika: anyamata osaka mbewa ayatsa tchire, usiku mapiri a ku Dómuè ali psuu. Ndiye ndinalemba malamulo anga. Kabokosi kamakhala udzu, moto, kapena dothi. Moto umayatsa udzu umene wagundana nawo kumpoto, kummwera, kummawa ndi kumadzulo, kenako umazima. Ndimamwaza udzu mwachisawawa pabwalo lonse, n'kuyatsa m'mphepete mwa kumadzulo, n'kudikira kuti ndione ngati utafike tsidya linalo.

Tamvera tsono. Udzu ukakhala pa timabokosi 50 mwa 100 tilitonse, moto umangonyambita m'mphepete n'kufa. Pa 55 umalowako ndithu, koma umasochera m'tinjira topanda kotulukira. Pa 65 umawoloka, n'kupsereza pafupifupi zonse. Munthu ungaganize kuti udzu ukamawonjezeka pang'onopang'ono, motonso uzikula pang'onopang'ono. Ayi ndithu. Pali malire pafupi ndi 59, ndipo bwalo likamakula malirewo amathwa, moti kusiyana kwa 58 ndi 61 ndi kusiyana kwa tchire lopulumuka ndi phulusa. A masamu anawadziwa kale malire amenewa, amati percolation threshold, ndipo nambala yake ndi 0.5927, kutanthauza pafupifupi 59 mwa 100. Koma kuiwerenga ndi kwina, kuiona ikutuluka yokha m'mizere imene walemba wekha ndi kwinanso.

Nditalola kuti moto uzidumphiranso m'makona, anansi onse 8, malire anatsika kufika cha pa 41. Kasinthidwe kakang'ono chotero, tchire limene linali lotetezeka lapsa.

Usandiseke kuti ndayamba kuphunzitsa alimi ndi kompyuta. Moto weniweni uli ndi mphepo, umathamanga pokwera phiri, ndipo nthethe zake zimalumpha ngakhale msewu. Zonsezo mulibe m'kapulogalamu kanga. Komabe tsopano ndikumvetsa bwino chifukwa chake akuluakulu amalambula kanjira kuzungulira munda ndi nkhokwe, osalimbana ndi tchire lonse. Chofunika n'kudula kulumikizana kwa udzu, osati kuutha wonse.

Chotsatira ndikufuna kuikamo mphepo, kuti moto uzikonda mbali imodzi. Apa mpamene ndikufuna nzeru zako, poti masamu a mwayi unkatiposa tonse m'kalasi. Ndakutumizira failo pa WhatsApp. Uyambe waika NumPy, chida chothandiza Python pa masamu, ndipo uyambire bwalo la 200 kwa 200, lalikulu limachedwa.

Ukamabwera pa Disembala undigulireko batire la laputopu, langali silisunganso moto magetsi akathima. Ndalama udzazipeza kuno. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa ku Ulongwe