Shuga wa ku chipululu cha Negev

Achimwene,

Uthenga wanu wandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti ntchito ya kumunda ikuyenda ngakhale dzuwa la kumeneko likukuwambani. Munafunsa chifukwa chake anzanu a mtundu wa Bedouin amadandaula kwambiri za matenda a shuga pomwe ali ku Israel, dziko la zipatala zapamwamba.

Pa pepala palibe amene anasiyidwa. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la Israel, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1995, limapatsa nzika iliyonse ufulu wolembetsa ku limodzi mwa mabungwe anayi a zaumoyo: Clalit, Maccabi, Meuhedet kapena Leumit, ndipo Abedouin ambiri ali ku Clalit. Koma khadi la chipatala siliziziritsa insulini, mankhwala obaya otsitsa shuga m'magazi.

Abedouin ambiri a ku Negev amakhala m'matauni asanu ndi awiri amene boma linamanga, monga Rahat, Hura ndi Lakiya. Ena zikwizikwi ali m'midzi pafupifupi 35 imene boma siliivomereza, monga Wadi al-Na'am, pafupi ndi mafakitale a Neot Hovav. Kumeneko kulibe magetsi a boma, kulibe msewu wa phula, ndipo nyumba zambiri ndi zamalata chifukwa ukamanga ya njerwa amadzaigwetsa. Makiliniki ochepa amene alipo anabwera anthu atakamang'ala kukhothi lalikulu. Madokotala a maso ndi a impso amapezeka makamaka ku Beersheba, kumene kuli chipatala chachikulu cha Soroka. Mayi wachikulire amene sadziwa Chiheberi amadikira mwana wake kuti amuperekeze pa galimoto ndi kukamumasulira, ndiye tsiku loyezetsa limangosunthidwa.

Pa insulini ndiye pamene pagona nkhani. Yosatsegula imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Yotsegula imatha kukhala kunja kwa firiji masiku pafupifupi 28, bola kutentha kusapitirire madigiri 30. Nanga m'nyumba yamalata mwezi wa Julayi, kunja kukufika pa 40? Ambiri amadalira sola, koma batire ikatha usiku firiji imazima. Choopsa n'chakuti insulini yowonongeka ndi kutentha kawirikawiri imaoneka bwinobwino, yangotha mphamvu. Shuga amakwera, wodwala amawonjezera mlingo, kenako akalandira ina yatsopano amabaya mlingo waukulu womwewo, shuga n'kutsikiratu mpaka kukomoka. Achibale amati mankhwala atsopanowa ndi oipa, chonsecho olakwa ndi akale aja.

Ngati firiji palibe, mtsuko wadothi ngati wa kumudzi kuja umathandiza. Mtsuko waung'ono ulowe mu waukulu, pakati pake pathiridwe mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa, ndipo ukhale pamthunzi podutsa mphepo. Mchengawo uzinyowetsedwa m'mawa ndi madzulo, insuliniyo ikhale m'kabotolo kouma kotseka. Mpweya wa m'chipululu ndi wouma, choncho madzi akamauma amachotsa kutentha. Izi n'zosungira imene ukugwiritsa ntchito basi, osati ya miyezi itatu. Ndipo isaundane ngati ayezi, pakuti ikatero yatha ntchito.

Matenda a shuga kale anali osowa pakati pa Abedouin. Anthu amene ankayenda mitunda ndi nkhosa ndi ngamila anakhazikika malo amodzi, ufa woyera ndi zakumwa za m'mabotolo zinachuluka, koma tiyi wotsekemera kwambiri uja anatsala, ndipo mlendo sakana tiyi. Kuuza munthu kuti asiye tiyi n'kutaya nthawi. Chotheka n'kuchepetsa shuga sipuni imodzi imodzi mpaka lilime lizolowere.

Pa Ramadan, amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi ngati glibenclamide aonane ndi dokotala mwezi usanayambe kuti asinthe mlingo. Kamakina koyezera shuga kakaonetsa pansi pa 70 kapena pamwamba pa 300, amasule kusala nthawi yomweyo. Kumeneko amayeza mu mg/dL, musasokoneze ndi manambala aang'ono a muyeso wina wotchedwa mmol. Mnzanu akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankhula zosamveka, mupatseni masipuni aang'ono anayi a shuga m'madzi, dikirani mphindi 15, muyezenso. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, imbani 101, nambala ya ambulansi.

Za mapazi musazione mopepuka. Shuga wa zaka zambiri amapha mitsempha, munthu amaponda mwala wotentha kapena munga osamva kanthu, ndipo kumene madzi amachita kutunga patali chilonda sichitsukidwa mokwanira. Aziyang'ana pansi pa phazi ndi pakati pa zala tsiku lililonse, azikutumula nsapato asanavale. Magazi a HbA1c, oonetsa mmene shuga wakhala akuyendera m'miyezi yapitayi, ayezedwe miyezi itatu iliyonse ngati shuga sakukhazikika, maso ndi mkodzo kamodzi pachaka. Muwalangize apemphe kuti zonsezi aziikidwe tsiku limodzi, ulendo wa ku Beersheba ukhale umodzi.

Inunso muzimwa madzi ambiri kumundako. Kuno onse akupereka moni.

Ndine,
Mnzanu wa kumudzi