Lipoti la msonkhano woona pamene yafika pulojekiti yosoka zovala zosawononga chilengedwe

A wapampando ndi mamembala anzanga a komiti ya makolo,

Munandituma kukakhala nawo pa msonkhano wa pakati pa teremu, pomwe ophunzira a zaluso amaonetsa pamene afika ndi ntchito zawo. Munasankha ine chifukwa ndine telala, ndipo funso munandipatsa linali limodzi: kodi mtsikana tinamugulira zipangizo uja akupita patsogolo, kapena thandizo lathu lalowa m'madzi? Ndapita, ndamvetsera, ndipo nsalu zake ndazigwira ndi manja angawa. Akupita patsogolo, koma njira wadzerayo si imene tinagwirizana, choncho ndikupempha kuti mumve kaye zonse musanagamule.

Panali aphunzitsi atatu, makolo owerengeka ndi ophunzira asanu ndi mmodzi. Za anzake aja ndingodumpha chifukwa simunanditumire zimenezo.

Mukukumbuka kuti m'kalata yake yopempha thandizo analonjeza madiresi asanu opangidwa ndi majumbo apulasitiki ndi mapepala otayidwa, oti adzaonetsedwe pa chionetsero cha kumapeto kwa chaka. Ine ndinalowa m'chipindamo ndikuyembekeza kuona atatu kapena anayi atapachikidwa. Chimene anaika pa tebulo ndi jekete imodzi yopanda manja ndi kope lotupa ngati lanyowapo. Kunena zoona, ndinagwa ulesi.

Iye anayamba ndi kufotokoza za diresi loyamba. Analipanga ndithu: anasanja majumbo, n'kuwasita pakati pa mapepala mpaka anamatana n'kukhala ngati nsalu. Atalivala, sipanathe nthawi thukuta linali kamukamu, ndipo atangokweza mkono linang'ambika kukhwapa. Kenako akuti anadzifunsa kuti, "Chionetsero chikatha, diresi limeneli lipita kuti?" Yankho lake linali kudzala komwe majumbowo anawatola, kungoti tsopano atawonjezerapo ulusi ndi makala a m'simbi. Anapempha mphunzitsi wake kuti asinthe mutu wa ntchitoyo, achoke pa zovala zoonetsa apite pa chovala chimodzi chimene munthu angachivale, kuchichapa ndi kuchivalanso. Mphunzitsiyo anavomera pamaso pathu kuti poyamba sanakondwe nazo, poti masabata anali atapita kale.

Kope lija ndi limene linandisintha maganizo. Mtsikanayu anapempha anzake zovala zotha ntchito, n'kuyamba kuwerenga timalebulo ta m'kati. Zimene lebulo yake inafufutika anaziyesa ndi moto, mphunzitsi wa sayansi ali pomwepo. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lakenso ndi la pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesita amakhwinyata kuthawa lawi, amasungunuka, n'kusiya kachibulumwa kakuda kolimba komwe sikaphwanyika ndi zala. Kachidutswa kalikonse anakamata m'kope n'kulemba zimene anaona. Atelala timadziwa zimenezi mwa kuzolowera, koma iye anapitirira n'kufufuza chifukwa chake. Poliyesita amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndi mtundu womwewo wa pulasitiki wa mabotolo a zakumwa, ndipo lero ulusi wopitirira theka umene ukupangidwa padziko lapansi ndi iyeyu. Saola msanga, ndipo tikamachapa amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso tomwe timapita ndi madzi mpaka m'mitsinje ndi m'nyanja.

Chimene chinamudabwitsa kwambiri ndi chakuti zovala zambiri zimene anatolera ndi zosakaniza, thonje ndi poliyesita mu ulusi umodzi, kapena jinzi yothiridwa ulusi wotanuka uja. Zoterezi n'zovuta kuzilekanitsa kuti apangirenso nsalu yatsopano. Anatiwerengera zimene bungwe la Ellen MacArthur Foundation linatulutsa mu 2017, zoti ulusi wa zovala umene umabwezeretsedwa n'kukhalanso chovala chatsopano sukwana 1 peresenti. Apa ndi pamene anatsimikiza mtima kuti njira ili m'manja mwake ndi kutalikitsa moyo wa nsalu imene ilipo kale.

Tsopano za jeketeyo. Waisoka ndi majinzi atatu akale, obooka m'mawondo ndi pakati pa miyendo koma olimba kumbuyo kwa ntchafu ndi m'munsi. Anamasula misoko ndi lezala, n'kuchapa, kusita, kenako kudula. Matumba akumbuyo a jinzi wawasandutsa matumba akutsogolo a jekete, ndipo malo amene panali thumba, pomwe mtundu sunasuluke, wawasiya kuti azioneka ngati chokongoletsa. Diso ali nalo mwanayu, zimenezo sindikayika.

Nditaitembenuza kuona m'kati, utelala wanga unadzuka. Chigawo chimodzi chakumbuyo anachidula mopingasa, osatsata mmene ulusi wa nsalu ukuyendera, pofuna kuti chikwane pa kansalu kamene kanatsala. N'chifukwa chake jeketeyo ikukokera kumanzere ikapachikidwa, ndipo ikadzachapidwa ipotoka kwambiri. Ndinamuonetsa pokoka nsaluyo kotalika, kopingasa ndi kwa pangodya kuti amve yekha kumene ikutanuka. Anangoti kukamwa yasa, kenako n'kulemba m'kope. M'mphepete mwa misoko sanatsekemo, ulusi ukuyoyoka. Anandiuzanso kuti wathyola masingano anayi, ndipo nditafunsa nambala ndinapeza kuti akusokera jinzi singano ya nsalu yopyapyala. Jinzi imafuna nambala 16 kapena 18, ndipo pamene misoko yakumana n'kupanga phiri, umayamba wamenyapo ndi nyundo kuti paphwe usanadutsitse makina. Palibe amene anamuuzapo zimenezi. Makina a pasukulupo nawonso akudumpha misoko, ndipo sindikukhulupirira kuti alawapo mafuta chaka chino.

Mbali ina imene wachita bwino ndi yonyika nsalu. Akufuna nsalu ya m'kati mwa jekete ichokere ku shiti yakale yoyera, ndipo akuyesa utoto wa zomera. Makoko a anyezi ampatsa mtundu wachikasu wopita ku golide, njere za mapeyala zampatsa wofiirira pang'ono. Atathira madzi amene munagona misomali yadzimbiri, chikasu chija chinada n'kukhala chobiriwira modera. Kansalu kalikonse anakadula patatu: kena anasunga, kena anakachapa kasanu, kena anakasiya padzuwa sabata yathunthu. Ukatsegula tsambalo umaona wekha kusuluka kwake popanda wokufotokozera. Wapeza kuti mchere suthandiza kwenikweni, kuti thonje limagwira bwino likayamba lanyikidwa m'madzi a masamba a tiyi kenako mu alamu (mankhwala othandiza utoto kugwira pa nsalu), ndiponso kuti poliyesita amakaniratu utoto wotere, amatuluka m'poto ali mbuu ngati sanalowemo. Sanabise kuti ngakhale nsalu yogwira bwinoyo ikusulukabe padzuwa, n'chifukwa chake waiika m'kati osati kunja.

Mafunso atayamba panabuka mkangano umene ndiyenera kukuuzani. Mtsikanayu ananena kuti malaya amodzi a thonje amadya malita 2,700 a madzi, n'kupereka chitsanzo cha nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, imene inaphwa kwambiri kuchokera m'ma 1960 boma la Soviet Union litapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kuti lizithirira minda ya thonje. Za nyanjayo palibe anatsutsa. Koma mphunzitsi wa jogalafe anamufunsa ngati nambalayo ndi imodzi pa thonje lothiriridwa m'chipululu ndi thonje lolimidwa ndi mvula. Anakhala chete, kenako anavomera kuti anangoikopera pa intaneti. Mphunzitsiyo anachita bwino kumupanikiza. Nambalayo imatchulidwa kwambiri, koma ndi yongoyerekeza, ndipo imasintha malinga ndi kumene thonjelo lalimidwa. Ndinaona kuti pa zimene wayesa ndi manja ake mwanayu sagwedezeka, koma pa zimene wawerenga amangomeza osatafuna. Wauzidwa kuti nambala iliyonse alembe kumene waitenga.

Bambo wina mwa makolo anafunsa funso limene mwina ena mwa inu mulinso nalo. Iwo anati anthu ovala kaunjika ndi kusoka zigamba akhala akuchita zimenezi kuyambira kale popanda kuzipatsa dzina, nanga chachilendo n'chiyani choti mwana atayirepo teremu? Apa mtsikanayu anayankha mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Anati n'zoona kuti luso la chigamba si latsopano, ndipo anaonetsa zithunzi za boro wa ku Japan ndi kantha wa ku Bengal, komwe nsalu zakale zimasanjikizidwa ndi kusokedwa mpaka kukhala chinthu chatsopano. Chimene chasintha, iye anatero, ndi kuchuluka ndi kufooka kwa zovala zimene zikupangidwa. Anatchula msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra ku Ghana, komwe mabelo amafika ochuluka zedi koma gawo lalikulu la zili m'katimo siligulika, limathera kudzala ndi m'mbali mwa nyanja. Anatchulanso milu ya zovala yotayidwa m'chipululu cha Atacama ku Chile, pafupi ndi doko la Iquique. Bambo aja sanakhutire kwenikweni, ndipo ine sindikuwada, koma anavomera kuti mwanayo nkhani yake akuidziwa.

Pali tsamba limodzi m'kopemo limene linandikhudza monga munthu wodyera singano. Wakhala akulemba maola onse amene wathera pa jeketeyo, kuyambira kumasula misoko mpaka kusita. Pansi pake analemba funso lakuti, ngati chovala chimodzi chikumutengera nthawi yonseyi, amene amasoka zovala zotsika mtengo m'mafakitale amalandira chiyani? Funsoli linamufikitsa ku nkhani ya Rana Plaza, nyumba ya mafakitale osoka zovala ku Savar pafupi ndi Dhaka m'dziko la Bangladesh, imene inagwa pa 24 Epulo 2013 n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma osoka anauzidwa kuti alowe agwire ntchito. Pofotokoza zimenezi mawu ake ananjenjemera pang'ono, ndipo m'chipindamo munali zii.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Watsalira pa nthawi. Manja a jekete, omwe ndi ntchito yovuta kuposa zonse, sanawayambe. Chigawo chopotoka chija chiyenera kumasulidwa ndi kudulidwanso, ndipo nsalu yotsala ndi yochepa. Mphunzitsi wa kalasi yake anatinso masamu ayamba kutsika chifukwa madzulo ambiri akuthera pa makina, zomwe makolo ake ayenera kuziyang'anira.

Iye mwini anapempha chinthu chimodzi kwa aphunzitsi, kuti pomupatsa malikisi asangoona jeketeyo pa tsiku la chionetsero, koma amulole aivale mwezi wathunthu, aichape kangapo, ndipo aweruze ikatha mwezi umenewo. Aphunzitsi anati akakambirana. Ine ndikuona kuti komiti yathu imuikire kumbuyo, chifukwa chovala chimadziwika pa chingwe choyanikira, ndipo ndi iyeyo amene wadzisankhira mayeso ovutawo.

Zimene ndikupempha kuti tivomereze ndi izi. Thandizo lipitirire, koma lisapite ku nsalu yatsopano, poti zimenezo zingaphe cholinga cha ntchitoyo. Lipite ku masingano a jinzi, ulusi wolimba, alamu, ndi kuitana wokonza makina, zomwe zithandizenso ana ena. Tilembere a mphunzitsi wamkulu kuti chipinda chosokera chizitsegulidwa masana awiri pa sabata, kuti mwanayu asamasoke usiku nthawi yowerenga. Tipemphenso kuti kuyesa nsalu ndi moto kuzichitika pokhapokha mphunzitsi alipo, chifukwa ndamva kuti anzake ena ayamba kutengera, ndipo poliyesita wosungunuka akadontha pa khungu amamatirira.

Ine ndadzipereka kupita Loweruka likubwerali kukamuonetsa kalumikizidwe ka manja, ngati makolo ake ndi sukulu avomera. Amene muli ndi jinzi yong'ambika kunyumba, makamaka yosatanuka, bweretsani pa msonkhano wathu wotsatira. Musaichape ndi mankhwala oyeretsa, ndipo matumba ndi zipi musachotse.